Mphaka wa ku Iguputo ndi mkango wa ku Kush

Iguputo ndi Kush, dziko limene lero lili mkati mwa Sudan, ankamwa madzi a mtsinje umodzi wa Nile, koma pa nkhani ya mkango anasiyana njira.

Bastet, mulungu wamkazi wa mzinda wa Bubastis pafupi ndi Zagazig wa lero, poyamba ankajambulidwa ndi mutu wa mkango. Pofika cha m'ma 1000 BC anali atasanduka mphaka, mlonda wa nkhokwe ku makoswe ndi njoka, woteteza amayi oyembekezera ndi ana. Aiguputo analinso ndi nthano ya mulungu wamkazi amene anakwiya n'kuthawira kumwera, ku Nubia, ali mkango wolusa, mpaka mulungu Thoth anakamunyengerera kuti abwerere kwawo atafatsa. Kwa iwo ukali unkakhala kwa aneba.

Herodotus, Mgiriki wolemba mbiri amene analemba m'zaka za m'ma 400 BC, akuti ku chikondwerero cha Bastet kunkafika anthu 700,000, osawerengera ana. Ankabwera pa mabwato, amayi akuliza maseche, abambo zitoliro, ena akuwomba m'manja. Bwato likayandikira mudzi, amayi ankavina ndi kunyogodola akazi a kumtunda. Vinyo womwedwa pamasiku amenewo ankaposa wa chaka chonse. Chimene chimandisangalatsa apa n'chakuti mlimi wamba anali ndi malo pamaso pa mulungu wake.

Kumwera kunali kwina. Ufumu wa Akush wa ku Meroe unali ndi Apedemak, mulungu wamwamuna wa mutu wa mkango, wogwira uta, amene sanachokere ku Iguputo. Mfumu Arnekhamani inamumangira kachisi ku Musawwarat es-Sufra m'zaka za m'ma 200 BC. Ku Naqa, pa kachisi wa mfumu Natakamani ndi mfumukazi Amanitore, khoma lina likumuonetsa ali ndi mitu itatu ndi mikono inayi, pena ali njoka ya mutu wa mkango yotuluka m'duwa. Pakhomo mfumukaziyo yagwira adani ndi tsitsi, lupanga lili m'mwamba, msinkhu wake wofanana ndi wa mfumu. Apedemak anali mulungu wa mafumu ndi nkhondo. Ndipo Akush sanali ongodzitama: cha m'ma 727 BC mfumu Piye inagonjetsa Iguputo, ndipo Osorkon, mfumu ya ku Bubastis, anali mmodzi mwa amene anamugwadira.

Munthu angafulumire kunena kuti Aiguputo ndiwo anali achifundo kwa nyama ya mulungu wawo. Diodorus, wolemba mbiri wina wachigiriki, analemba kuti anaona khamu likupha Mroma amene anapha mphaka mwangozi. Koma pamene akatswiri anaunika ndi X-ray mitembo ya amphaka yokulungidwa m'nsalu, anapeza kuti ambiri anali aang'ono ndipo ena anathyoledwa khosi. Ankawetedwa dala kuti agulitsidwe kwa opembedza ngati nsembe. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa kupembedza kotsegukira aliyense kuja n'kumene kunakulitsa msika wa tiana ta amphaka.

Kuchuluka kwake kunaoneka mu 1888 ku Beni Hasan, kumene ankalambira Pakhet, mulungu wina wamkazi wa mtundu wa mphaka ndi mkango. Mlimi wina anatulukira manda a amphaka, ndipo mu 1890 mitembo pafupifupi 180,000 inatumizidwa ku Liverpool, kumene inagulitsidwa ngati feteleza.