Tisiye kuseka amayi otenga mimba atakula, akubisala chifukwa cha ife

Maganizo angatu awa, ena mugwirizana nawo ena ayi koma ndinene basi. Kuno kwathu tikamakamba za uchembere wabwino nkhani yonse imathera pa atsikana otenga mimba ali achichepere, ndipo vutolo ndi lalikuludi sindikukana, koma mayi wa zaka 38, 41, 44 amene waima palibe amene amamulankhula bwinobwino. Chomwe amamva ndi kusekedwa basi. Ati "pa msinkhu wanuwu amayi?", ati "mukupikisana ndi apongozi anu eti". Mwana wake woyamba mwina ali ku koleji kapena naye ali ndi khanda kale, ndiye manyazi amamugwira, amamanga chitenje mokweza nkukhala phee mpaka miyezi 6 kapena 7 ndi pomwe akukayamba sikelo. Zimandiwawa kwambiri chifukwa mayi ameneyu ndi amene amafunika kuyamba sikelo msanga kuposa wina aliyense.

Achipatala amati kuyambira zaka 35 kupita mtsogolo pathupi pamafunika kupayang'anira mwapadera. Sikuti ndi matenda ayi, ambiri amachira bwinobwino ana athanzi, kungoti zoopsa zimachuluka. Chachikulu chomwe ine ndimaopa ndi BP. Imatha kukwera mimba ikadutsa masabata 20 iwe osamva kalikonse, ukungolima, ukungogulitsa pa msika, pomwe mkatimu yafika 140/90 kapena kupitirira ndipo impso zayamba kale kuvutika. Pofika poti mutu ukuwawa osasiya, maso akuchita chimbuuzi, nkhope ndi manja zatupa, pansi pa nthiti chakumanja pakupweteka, zinthu zapita patali, chotsatira ndi kugwa nkumaphupha ngati wakhunyu ndiye kumudzi timathamangira kunena kuti amulodza kapena bambo anayenda njira zambali, mmalo mofuna galimoto. Imeneyi ndiye pre-eclampsia, ikafika pophuphapo amati eclampsia, ndipo ku sikelo amaigwira ndi kamakina koyezera BP ndi kuyeza mkodzo basi. Palinso shuga wobwera ndi mimba, amakulitsa mwana mopitirira muyeso nkuvuta pobadwa. Kupita padera kumachulukanso chifukwa mazira a mayi amakalamba limodzi ndi mwini wake, ndipo pa chifukwa chomwecho mwana wa Down syndrome (chilema chobadwa nacho chomwe chimachedwetsa kakulidwe ndi kaphunziridwe ka mwana) amabadwa pafupifupi mmodzi pa 1,200 kwa mayi wa zaka 25, koma pa zaka 40 ndi pafupifupi mmodzi pa 100. Mapasa nawonso amachuluka pa msinkhu umenewu.

Koma amene ndikufuna andimve kwambiri ndi inu amayi anga amene mwabereka asanu, asanu ndi mmodzi, amene mumati "ine ndi ntchembere yaikulu, akandiuza chiyani anesi ana a dzulodzulowa". Ulemu wanu ndikuudziwa, zambiri mukuzidziwa kuposa ife, koma chiberekero chomwe chanyamula kambirimbiri nthawi zina chimakanika kukhwinyata mwana akangobadwa, ndipo magazi amangotuluka osaleka. Kutaya magazi ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zikupha amayi ambiri mdziko muno, ndipo sikupereka nthawi, maola awiri okha munthu wapita. Nthawi zina nsengwa imakhala mmunsi kutseka njira ya mwana, zimenezi sungazidziwe ndi kugwira pamimba, zimaoneka pa sikani. Ndiye muwonjezepo mwanamphepo, uja ena amamwa kuti matenda afulumire, pa chiberekero chotopa kale kapena chokhala ndi chipsera cha opaleshoni yakale, chimatha kuphulika. Chonde amayi, zimenezo ayi. Kafukufuku wa boma wa 2015-16 anapeza kuti amayi 439 pa ana 100,000 obadwa amoyo amamwalira pa nkhani za uchembere, ndipo kafukufuku yemweyo anaonetsa kuti mayi mmodzi yekha mwa anayi ndi amene amayamba sikelo mmiyezi itatu yoyambirira. Ena mwa atatu otsalawo ndi amene timawasekawa.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO mu 2016 linasintha malangizo, linati sikelo isakhalenso kanayi koma kasanu ndi katatu, koyamba masabata 12 asanakwane, komanso sikani imodzi masabata 24 asanafike. Kuyamba msangako kuli ndi ntchito yake. Amakuyeza magazi, HIV, chindoko, amakupatsa mapiritsi owonjezera magazi aja ambiri timataya ati amachititsa nseru (mwani usiku pogona, musataye), neti, katemera wa kafumbata, ndipo mwezi wachinayi ukayamba Fansidar woteteza malungo. Ngati aona kuti BP ikhoza kuvuta dokotala amatha kukuyambitsa aspirin wochepa mphamvu, koma amathandiza akayambika msanga, osati pa miyezi 7, ndipo musakagule nokha pa golosale.

Azimayi anzanga a mtauni amene munadikira kaye sukulu ndi ntchito, kapena amene mwakhala zaka mukulira mwana ndipo Mulungu wayankha muli ndi 39, inu musamve mantha ndi zomwe ndalembazi. Ngati mukuyesabe, kayezetseni BP ndi shuga mimba isanabwere, yambiranitu mapiritsi a vitamini otchedwa folic acid chifukwa msana ndi ubongo wa mwana zimapangika mmasabata oyambirira penipeni iwe usanadziwe nkomwe kuti waima, ndipo ngati mumamwa kale mankhwala a BP kawauzeni achipatala akusinthireni poti ena sagwirizana ndi mimba, osangosiya nokha. Ena amasiya kulera atafika 40 poganiza kuti basi zinatha, mwezi ukadumpha amati ndasiya kusamba, kenako akumva kanthu kakugunda. Kachoyezera mimba ku famase nkotchipa, yezani.

Anesi ndi azamba athu, ndikudziwa mukugwira ntchito movutika, odwala ambiri inu ochepa, koma mawu aja oti "agogo mukufunanso chiyani kuno" pamaso pa atsikana odzadza pa benchi, mayi ameneyo mwezi wamawa sabweranso. Ndipo inu amayi ngati pa helefi senta sanakuyezeni BP ati makina afa, funsani komwe mungakayezetse, alembe mkabuku kanu. Akakuuzani kuti mukachirire ku chipatala chachikulu cha boma osati pa helefi senta, sikuti akukuthamangitsani, akufuna mukakhale komwe kuli fiyeta ndi magazi. Ngati kwanu nkutali pitani ku chidikiro masiku asanakwane, makamaka nthawi ya dzinja milatho ikamakokoloka.

Abambo, mimbayi sanaitenge yekha. Inu palibe amakusekani, ena mpaka amakuyamikirani kuti mdala akadali ndi mphamvu, manyazi onse amasenza mayi. Muperekezeni ku sikelo, sungani ya thiransipoti padera isakhudzidwe ngakhale feteleza atavuta, dziwani nambala ya wagalimoto wapafupi amene angadzuke usiku. Ndipo ngati nonse mwagwirizana kuti uyu ndi chitsirizira, nkhani yotseka kapena njira ina yolera ikambeni ndi achipatala panopa ali woyembekezera, musadikire tsiku lochira.