Bondo langa linandiphunzitsa mochedwa

N'zoona kuti kubinya si nkhani yongothowa ndi madzi otentha. Ine ndinavulala pa mpira wa bonanza ku Chinamwali. Palibe anandigunda, ndinangotembenuka phazi litakanirira pansi, bondo n'kumveka kuti "phwa!" Pofika madzulo linali litatupa ngati dzungu. Kunyumba amayi anathowa ndi kansalu kotentha, kutupako n'kuwonjezeka. Masiku awiri oyambirira pamafunika ayezi wokulunga m'nsalu, mphindi 15 mpaka 20, bandeji, ndi kutsamiritsa mwendo pa pilo.

Chofunika kutsindika n'chakuti X-ray imaonetsa mafupa okha. Yanga inatuluka bwinobwino, anzanga n'kumati ndikudzinyengerera. Koma ndikamatsika kuchokera ku Ku Chawe, bondo linkangophonyoka ngati chitseko chothothoka mahinjesi. Vuto linali mtsempha wa m'kati mwa bondo wotchedwa ACL, womwe umagwira fupa la ntchafu ndi la msongolo. Umaoneka pa MRI, makina ojambula m'thupi omwe amaonetsanso mitsempha, ndipo ngakhale achite opaleshoni, kubwerera m'bwalo kumatenga miyezi 9 kapena kuposa. Mafizo ndiye ntchito yeniyeni, owawa komanso otopetsa.

Za Achilles, mtsempha wa kuseri kwa chidendene, utamudukira mlamu wanga wa ntchemberembaye anatembenuka kufuna kukalipira amene wamumenya teche, kumbuyo kulibe munthu. Mukamva choncho, n'kumalephera kuimira zala za kuphazi, kwerani kabaza tsiku lomwelo mupite kuchipatala. Ukachedwa, nsonga zodukazo zimatalikirana ndipo kulumikiza kumavuta.