Mbali ya Hu Shih imene nkhani ina yaidumpha

Nkhani ina imene ndawerenga yonena za Hu Shih, katswiri wa maphunziro wa ku China, yafotokoza bwino za ukazembe wake ku America kuyambira 1938 mpaka 1942, pamene China inali pa nkhondo ndi Japan, koma ndikuona kuti mlembi wangokhudza pamwamba ntchito yake ya maphunziro, imene kwa ine ndiyo yaikulu. Hu anapita ku yunivesite ya Cornell ku America mu 1910 kukaphunzira zaulimi, kenako anasinthira ku filosofi, ndipo ku yunivesite ya Columbia anaphunzitsidwa ndi John Dewey, katswiri wa filosofi wa ku America. Mu 1917 analemba m'magazini ya New Youth kuti anthu azilemba Chitchaina chimene amalankhula tsiku ndi tsiku, m'malo mwa chinenero chakale cha m'mabuku chimene mwana ankachiloweza mofuula m'kalasi asanamve n'komwe tanthauzo lake. Pofika 1920, boma la China linalamula kuti mabuku a makalasi awiri oyambirira a pulaimale alembedwe m'chinenero cholankhulidwacho.

Ukazembewo, kunena zoona, unathera kwambiri m'kulankhula pa misonkhano pofuna kukopa mitima ya anthu a ku America, pomwe zokambirana zikuluzikulu za ngongole zimene China inkafuna kwa America kuyambira 1940 zinali m'manja mwa T. V. Soong, nthumwi yapadera ya boma la China.