Agogo aku Korea ogwirana manja aja, nkhani yake si chikondi chokha ayi

Timavidiyo ta agogo aku South Korea tachuluka bwanji masiku ano, nkhalamba ziwiri zitagwirana manja pamsewu, abambo awerama akuwamangira amayi zingwe za nsapato, mmusimo makomenti mbwee ati ine ndikufuna banja ngati limeneli. Nanenso ndimasilira sindinama. Koma maganizo anga ndi oti anthuwa akugwirana chonchi chifukwa pakhomopo palibenso wina owagwira.

Kale kumeneko udindo osamalira makolo okalamba unali wa mwana wamwamuna oyamba, tinene zoona unali wa mkazi wakeyo, ndi amene ankachapa nkumaphikira apongozi mpaka tsiku lomaliza. Pano ana anathawira mtauni, pafupifupi theka la anthu a dziko lonselo ali ku Seoul ndi madera ozungulira, komanso sakubereka, mu 2023 chiwerengero cha ana obadwa chinatsika mpaka 0.72 pa mzimayi mmodzi, osakwana ndi mwana mmodzi yemwe. Pofika December 2024 munthu mmodzi pa anthu 5 alionse anali wa zaka 65 kupita mtsogolo. Ndiye gogo akadwala omudwazika ndi gogo mnzake basi, mpaka anazipatsa dzina, nono ganbyeong, nkhalamba kudwazika nkhalamba. Kuno ngakhale zivute bwanji pamapezekabe kamdzukulu kotuma madzi.

Chomwe chimandikhudza ine ndi azibambowo. Mbadwo umenewu unakula akuuzidwa kuti mwamuna salowa kukhitchini, moti bambo opuma ntchito ongodikira chakudya katatu patsiku amamunena kuti samsigi, wodya katatu, si dzina laulemu ayi. Ndiye mayi agwidwe sitiroko kapena matenda oiwalaiwala aja, bambo yemwe uja zaka 75 akuyamba kuphunzira kuphika juk, phala lawo la mpunga, loyamba limapserera, lachiwiri madzi okhaokha, kenako nkumauzira supuni kuti izizire kwinaku akunyengerera yeobo, yeobo (momwe amaitanirana anthu apabanja kumeneko), tangolawani pang'ono. Kusintha thewera, kumutembenuza pamphasa yofunda yomwe amagonapo kuti asatuluke zilonda kumsana, kuwerenga mapilitsi am'mawa ndi amadzulo maso akewonso osaona bwino. Zimenezi pavidiyo sizikoma nchifukwa chake simuziona.

Boma silinangokhala, mu 2008 linayambitsa inshuwalansi yosamalira okalamba, ndipo munthu ukachita maphunziro nkukhoza mayeso a osamalira odwala umatha kulipidwa posamalira mkazi wako kapena mwamuna wako yemwe. Nde mumapezeka nkhalamba za imvi mbuu mkalasi zikulemba manotsi. Koma amakulipira ola limodzi patsiku, ena ola ndi theka, usiku onse odzuka kanayi uja ndi waulere.

Ndalama nazo ndi nkhani ina. Dziko la Samsung ndi Hyundai lomweli, okalamba pafupifupi 4 pa 10 alionse amawerengedwa kuti ndi osauka, penshoni ya boma inayamba mochedwa mu 1988 anthuwa ndalama zawo atathera kale kusukulu za ana. Nchifukwa chake mumaona gogo akukoka ngolo ya makatoni okagulitsa, mnzake akukankha kumbuyo, tonse timati eee chikondi. Ine ndimangoganiza za tsiku lomwe okankhayo adzalephere kudzuka, okokayo msana unapindika kale, mwana ali ku Seoul akuti ndibwera pa Chuseok, chikondwerero chawo cha zokolola.