Wofufuza katundu pa Google amakhala ataganiza kale zogula

Anzanga amene mumagulitsa katundu pa intaneti, ndili ndi mawu, ndipo ndikudziwa kuti ena simugwirizana nawo.

Ambirife mphamvu zathu zonse zimathera pa Facebook, Instagram ndi TikTok. Timajambula, timalemba, timayankha mafunso mpaka usiku. Sindikunyoza ayi, nanenso ndimachita zomwezo. Koma taganizirani munthu amene akuona chithunzi chanu kumeneko. Sanabwere kudzagula. Wabwera kudzacheza, kudzaseka, kudzaona za abale ake, nsapato zanuzo zangomudutsa m'maso. Tsono pali munthu wina amene watsegula Google n'kulemba kuti "nsapato zachikopa zakuda za abambo saizi 42". Ameneyo waganiza kale, akudziwa chimene akufuna, changotsala ndi woti amugulitse. Pa nthawi imeneyo, katundu wanu amaoneka?

Ndikunena tizithunzi tija timene timabwera munthu akafufuza chinthu, tokhala ndi mtengo ndi dzina la sitolo pansi pake. Ambiri amaganiza kuti malo amenewo ndi a makampani akuluakulu okhaokha, a ndalama zawo. Pali pamene maganizo amenewa anachokera. Google inayamba ntchitoyi mu 2002 ndi dzina loti Froogle, ndipo inali yaulere. Mu 2012 anaisintha kukhala Google Shopping, n'kuyamba kulipiritsa aliyense wofuna kuonekera. Koma mu 2020 anatsegulanso khomo loti ogulitsa aziika katundu wawo mosalipira. Zaka zadutsa, komabe ndimakumana ndi anthu amene nkhani imeneyi sanaimve. Mumatsegula akaunti ya Google Merchant Center, kutsimikizira kuti webusaitiyo ndi yanu, n'kupereka mndandanda wa katundu wanu, umene ambiri amautcha feed. Bing, tsamba lina lofufuzira zinthu ngati Google, nayo ili ndi yake, Microsoft Merchant Center. Chokhacho, yambani mwaona ngati ntchitoyi ikupezeka m'dziko limene mumagulitsako, chifukwa si mayiko onse amene ali ndi zonse.

Tsopano pamtima pa nkhani yanga ndi apa. Chimene chimakweza sitolo pa malo amenewa si ndalama zotsatsira malonda zokha. Chachikulu ndi mndandanda uja, mmene mwaulembera.

Pa malonda a mtundu umenewu simusankha nokha mawu oti munthu akalemba muonekere. Makina amawerenga zimene mwalemba zokhudza katunduyo, n'kuziyerekeza ndi zimene wofufuza walemba. Ndiye mukalemba mutu woti "Nsapato zokongola kwambiri!!!" mwadzitsekera khomo nokha. Palibe amene amafufuza mawu amenewo. Makina sadziwa kukongola, amadziwa dzina la kampani yopanga, mtundu wa chinthu, mtundu wake wa maonekedwe, saizi, ndi chimene anapangira. Mutu umaloledwa kufika zilembo 150, koma pa foni zimaoneka zoyambirira zokha, choncho zofunika kwambiri ziyambe. Ine ndimadzifunsa kuti, kasitomala amene sanamvepo za sitolo yanga, chinthu ichi angachitchule bwanji? Mawu akewo ndi amene ndimalemba, osati anga. Nthawi zambiri ogulitsafe timatchula katundu ndi dzina la m'katalogi ya kumene timaoda katunduyo, pamene ogula ali ndi dzina lawo lina.

Palinso nambala ija ili pansi pa barcode, imene amaitcha GTIN. Kawirikawiri imakhala ya manambala 12 kapena 13, ndipo ya mabuku ndi ISBN. Anthu amailumpha chifukwa kukopera manambala n'kotopetsa. Koma nambala imeneyo ndi imene imauza makina kuti chinthu chanu ndi chomwechija chimene masitolo ena akugulitsa, ndiye amakuikani pamzere umodzi ndi iwo. Ngati katunduyo mumapanga nokha ndipo alibe nambala, pali malo onenera zimenezo. Musapeke nambala, chonde.

Chithunzi chikhale cha katundu weniweniyo, chowala bwino, kumbuyo kopanda zosokoneza. Osalembapo "SALE", osadindapo dzina la sitolo. Zoterozo a Google amazikana.

Mtengo ndiye unandiphunzitsa mowawa. Ndinatsitsa mitengo ya zikwama zingapo pa webusaiti, koma pa mndandanda ndinaiwala kusintha. Patapita masiku ndinaona kuti maoda a zikwamazo aima. Nditalowa mu akaunti ndinapeza zachotsedwa chifukwa mitengo iwiriyo sinkagwirizana. Cholakwa chinali changa, ndipo nditakhala pansi ndinaona kuti lamulolo ndi labwino. Munthu akaona mtengo wina pa Google n'kukapeza wina pa tsamba lanu, amaona ngati mukumuchenjerera, ndipo sabweranso. Chimodzimodzi kulemba kuti chinthu chilipo pamene chinatha kalekale. Ngati sitolo yanu ili pa Shopify kapena WooCommerce, mapulogalamu opangira sitolo ya pa intaneti, pali zida zolumikizira kuti mtengo ndi sitoko zizisintha zokha. Amene ali ndi katundu wochepa akhoza kugwiritsa ntchito Google Sheets, bola asamaiwale ngati mmene ndinachitira ine.

A Google amafunanso kuti pa webusaiti panu pakhale zomveka bwino za katumizidwe ka katundu, za kabwezedwe kake ngati wogula sanakhutire, ndi njira yokupezerani. Ena amadandaula kuti zachuluka. Ine ndimaona kuti awa ndi mafunso omwewo amene wogula aliyense amakhala nawo mumtima asanatulutse ndalama kwa munthu amene sanamuonepo nkhope.

Nanga zolipira? Sindikuti n'zoipa. Malo apamwamba penipeni nthawi zambiri amakhala a olipira, ndipo mumalipira munthu akadina chithunzi chanu, kaya wagula kaya sanagule. Apa ndi pamene mpamba wa anthu ambiri umathera. Munthu amayamba ndi kulipira mndandanda wake uli wosokonekera, anthu olakwika amadina, ndalama zimapita, iye n'kunena kuti zinthuzi sizigwira ntchito. Langizo langa ndi loti muyambe ndi zaulere. Dikirani milungu ingapo, kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu akaunti muja mumaoneka katundu amene anthu akumuona ndi amene akumudina. Mukadziwa zinthu zimene zikuyenda zokha, ikani ndalama pa zimenezo, ndipo muwerengetsere phindu lenileni la chinthu chilichonse musanayambe. Chinthu cha phindu lochepa chikhoza kugulidwa kwambiri inu mukuluza pa oda iliyonse.

Ndikudziwa chimene ena anene: pamenepo mitengo imaikidwa poyera, moyandikana ndi ya masitolo akuluakulu, ndiye wamng'ono angapikisane bwanji? N'zoona, ndipo sindikubisa. Ngati mukugulitsa foni yomweyo imene aliyense ali nayo, wotchipa ndiye apambana. Koma wamng'ono ali ndi malo ake: katundu wosowa, saizi zimene akuluakulu sasunga, zopanga ndi manja, zipangizo zosinthira pa makina akale. Wofufuza zinthu zoterozo amalemba mawu ambiri ndiponso atsatanetsatane, ndipo opikisana nanu pamenepo amakhala ochepa.

Chomaliza chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti malowa si athu. Mwini wake amasintha malamulo mmene wafunira, monga zinachitikira mu 2012. Mu 2017 bungwe la European Commission, la mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya wa European Union, linalipiritsa Google chindapusa cha mayuro 2.42 biliyoni chifukwa chokondera ntchito yake yoyerekezera mitengo pa zotsatira za kufufuza, ndipo khoti lalikulu la European Union linagwirizana ndi chigamulocho mu 2024. Ndiye kasitomala akabwera kudzera pa Google, ine ndimayesetsa kuti ulendo wachiwiri abwere yekha. Ndimatumiza katundu pa nthawi imene ndinalonjeza, ndimamupempha chilolezo chomulembera imelo kukabwera zatsopano, ndipo ndimamupempha kuti alembe mmene waonera katunduyo.

Lolemba lililonse m'mawa, ndisanatsegule Facebook, ndimayamba ndaona mu akaunti ngati pali katundu wokanidwa, kenako ndimasankha mitu isanu n'kuilembanso bwino. Sabata ino ndili pa malamba ndi zikwama za m'manja.