Munthu wosakhulupirira Mulungu si wa Satana

Ndakwiya kwambiri ndi zimene zachitika pa maliro ena kuno ku Chipata sabata ino, ndipo sindingathe kukhala chete. Usiku, ife amuna tikuwotha moto panja pamene amayi anali kuyimba nyimbo m'nyumba ya siwa, mnyamata wina wophunzira bwino, mnansi wa anamfedwa, anafunsidwa kuti amapemphera mpingo uti. Iye anayankha mwaulemu kuti sapemphera kulikonse chifukwa sakhulupirira kuti kuli Mulungu. Mtsutso unabuka pomwepo. Akuluakulu ena anati kusakhulupirirako nakonso ndi chipembedzo, popeza palibe umboni umene iye angaonetse wakuti Mulungu kulibe, koma iye anayankha kuti chipembedzo chimafuna wina womulambira, mapemphero ndi miyambo, ndipo iye alibe chilichonse mwa zimenezi. Mpaka pamenepo panalibe choipa, chifukwa amuna amatsutsana pamoto tsiku lililonse n'kugwirana chanza.

Kutacha, thumba la ufa la makilogalamu 25 limene mnyamatayo anabweretsa pa njinga dzulo lake linapezeka kuseri kwa nyumba, lili chitsekere, amayi ena atanena kuti ufa wa munthu wa Satana sungaphikidwe pa maliro a Mkhristu. Ndalama zake za chipepeso anamubwezera m'manja anthu onse akuona. Nsima inachepa, ndipo ena mwa amene anachokera kumanda anasamba m'manja n'kubwerera kwawo ndi njala, ufa uli apo. Mayi wamasiye, amene watsala ndi ana aang'ono, palibe amene anamufunsa maganizo ake.

Abale ndi alongo anga, ine ndine Mkhristu, ndinabatizidwa ndipo ndimadya mgonero, koma ndikunena mosapsatira kuti munthu wosakhulupirira Mulungu si wa Satana. Kuti munthu atumikire Satana ayenera kuyamba wavomereza kuti Satanayo alipo, pamene mnyamata uja amakana zonse, Mulungu, Satana, angelo, ziwanda ndi mizimu yomwe. Nanga angagwadire bwanji chinthu chimene iye akuti kulibe? Mukhoza kunena kuti akulakwitsa, ndipo inenso ndimatero. Mukhoza kumumvera chisoni, kumupempherera usiku wonse, kapena kumutsutsa mpaka mawu atasasa. Koma kumutchula wa Satana ndi bodza, ndipo lamulo loletsa kuchitira mnzako umboni wonama lili pakati pa malamulo khumi amene timaloweza pamtima tili ana.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti dzina limeneli timalitulutsa pamene mayankho atithera. Mnyamatayo anafunsa chifukwa chake Mulungu wachikondi amalola kuti ana afe ndi malungo, ndipo anafunsanso kuti pakati pa Akhristu, Asilamu ndi Ahindu, amene onse timagula nawo malonda mu tauni yomwe ino, ndani angatsimikize kuti njira yake ndiyo yokha yolondola. Awa ndi mafunso olemera amene abusa amaphunzira kwa zaka zambiri kusukulu za ubusa, ndipo palibe manyazi kuvomereza kuti ena mwa iwo ndi ovuta. Manyazi ali pa kuthawa funso n'kuthamangira kunyoza wofunsayo. Makolo athu anati safunsa anadya phula. Tomasi, mmodzi wa ophunzira khumi ndi awiri, anakana kukhulupirira za kuuka kwa Ambuye mpaka ataona zipsera ndi maso ake, ndipo Ambuye sanamuthamangitse pakati pa anzake, koma anamuonetsa manja awo. Mtumwi Petro naye anatilangiza kuti tizikhala okonzeka kuyankha aliyense wofunsa za chiyembekezo chathu, ndipo tizitero mofatsa ndi mwaulemu. Kutaya ufa wa munthu kuseri kwa nyumba ndiye kufatsa kwake kumeneko?

Ndamva ena akudziteteza kuti Zambia ndi dziko la Chikhristu. Inde, a Frederick Chiluba analengeza zimenezi pa 29 December 1991, ndipo mawuwo analowa m'chiyambi cha malamulo oyendetsera dziko mu 1996. Koma amene amakonda kutchula mawuwa amawerenga theka lokha la chiganizo, chifukwa m'malamulo amene anakonzedwanso mu 2016 chiganizo chomwecho chimapitiriza kunena kuti ufulu wa munthu aliyense wotsatira chikumbumtima chake, chikhulupiriro chake kapena chipembedzo chake uyenera kulemekezedwa. Mnyamata uja ndi nzika ya dziko lino monga inu ndi ine, ali ndi chitupa cha NRC chobiriwira chomwecho, ndipo sanaphwanye lamulo lililonse poyankha moona funso limene sanalipemphe. Akanatinamiza kuti amapita kutchalitchi chakuti, ufa wake ukanaphikidwa ndipo tikanamuyamika pa chigulu. Ndiye kuti tikuphunzitsa ana athu kuti wabodza ndiye amalandiridwa, wonena zoona ndiye wa Satana.

Ife a kuno kum'mawa tinayenera kukhala oyamba kuchita mantha ndi khalidwe lotere, chifukwa tinaona ndi maso kumene limathera. Mu 1972, zikwizikwi za a Mboni za Yehova zinathawa ku Malawi n'kudzakhala pa msasa wa Sinda Misale m'chigawo chomwe chino, atamenyedwa ndi kuwotcheredwa nyumba chifukwa chokana kugula makhadi a chipani, ndipo ambiri anafera pa msasapo ndi matenda. Nawonso zinayamba ndi kuwapatsa mayina oipa chifukwa chikumbumtima chawo chinali chosiyana ndi cha anthu ambiri. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Uthenga Wabwino unakhazikika bwanji m'dera lino? Amishoni a Dutch Reformed atafika pa Magwero mu 1899 anapeza anthu amene sanali Akhristu, ndipo anaphunzira chilankhulo chawo, anatsegula sukulu, pambuyo pake anayambitsa maphunziro a ana osaona ndi osamva. Chipatala cha St Francis ku Katete ndi cha mipingo, koma sichibweza wodwala pa chipata chifukwa chakuti sapemphera. Ndipo inu amene munakana ufa uja, tsiku limene mwana wanu adzafunika magazi kuchipatala, kodi mudzafunsa ngati amene anapereka magaziwo amapita kutchalitchi? Simudzafunsa, ndipo mukudziwa kuti simudzafunsa.

Mwina ndi aneneri a pa Facebook amene atizoloweza kuona Satana pa chilichonse, mwina ndi umphawi, koma zimenezo sizichepetsa mlandu. Sindikuvomerezanso anyamata ena osakhulupirira amene amatcha opemphera onse kuti ndi mbuli zonamizidwa, chifukwa kumeneko nakonso ndi kunyoza. Koma uyu sananyoze munthu aliyense, ndipo ngakhale akananyoza, akanakhala wamwano basi, osati wa Satana.

Dzina limeneli tsopano lafika potopetsa. Munthu akatsegula golosale ku Kapata n'kuyamba kupeza bwino, akuti ndi wa Satana. Mtsikana akakhoza bwino mayeso kuposa anzake, akuti pali chimene wachita. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamuzindikira mu 2005 ndipo anthu amakhamukira ku Mkaika mwezi wa August kukamuona pa mwambo wa Kulamba, akuti ndi zausatana, ngakhale kuti makolo athu anali kutchula Chauta, Namalenga ndi Mphambe amishoni asanafike. Choipitsitsa ndi chimene tikuchitira agogo athu kumidzi, amene akangoyamba kuiwala ndi kulankhula okha chifukwa cha ukalamba, adzukulu awo omwe amawatcha mfiti n'kuwathamangitsa m'nyumba zimene anamanga ndi manja awo, pamene lamulo la dziko lino limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti, ndipo mafumu ndi atsogoleri a mipingo akuzidziwa zimenezi koma ambiri angoti ziii.