Anamwino, kamwa mwanu mukupasula mabanja

Ndapsa mtima ndipo sindibisa. Lachiwiri ndinaperekeza achemwali anga kuchipatala china kuno ku Angónia, ku Mozambique, mwana wawo wa miyezi 9 atatupa timanja ndi timapazi, akulira usiku wonse. Zotsatira za magazi zitatuluka, namwino anangoti "anemia falciforme, ndi zakumtundu izi mayi," walemba pakhadi, basi waitana wina. Achemwali anga sukulu analekera kalasi yachinayi, Chipwitikizi cha madokotala achidziwira kuti?

Ndiye mawu amene anafika kumudzi ndi akuti "zakumtundu" aja. Dzuwa lisanalowe apongozi anali atagamula kale mlandu: mtundu wake ndi wa mkazi, kwathu kulibe zimenezi. Azakhali ena akuti ayi, mwana kutupa chonchi ndi tsempho, wina wayenda moipa. Lero alamu anga anyamula chikwama, akugona kwa amayi awo.

Anamwino, fotokozani! Mphindi zisanu zokha. Akhazikeni pansi onse awiri, bambo ndi mayi, muwauze m'chinenero chawo kuti matenda a magazi a anemia falciforme amenewa, omwe pa Chingerezi amati sickle cell, mwana satengera kwa kholo limodzi. Chala chimodzi sichiswa nsabwe. Amatengako kwa bambo, amatengakonso kwa mayi, ndipo onsewo akhoza kukhala athanzi, olima dimba la mbatatesi osadandaula kanthu. Auzeni kuti pa mimba iliyonse mpata woti mwana abadwe nawo ndi umodzi mwa 4. Auzeni kuti maselo ofiira a m'magazi amapindika ngati chikwakwa n'kumatseka timitsempha, ululu uja umachokera pamenepo. Si ufiti, si chigololo cha munthu. Kodi zimenezi n'zovuta kunena?

Ndikudziwa mulipo ochepa ndipo mzere ndi wautali, koma dzina la matenda lokha si chithandizo. Mayi watuluka osadziwa kuti mwanayu azimwa madzi ambiri, azigona m'neti, azifunda bwino ikafika mphepo ya Juni ya ku Ulongwe ija, ndiponso kuti akangotentha thupi athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo. Zonsezi ndawauza ndine, nditachita kufunsa mnzanga wina. Ine namwino?

Komanso mankhwala. Mwalemba folic acid, mankhwala othandiza thupi kupanga magazi, tafika pawindo akuti atha, kaguleni ku famase. Munthu ndalama ya chapa (minibasi) yomwe wachita kubwereka, mukuti akagule ndi chiyani?